Mafunso ndi mayankho kwa wojambula wodziphunzira yekha kuno ku Salima

Tsamba lino ndi la anthu amene amajambula ndi penti chifukwa choikonda ntchitoyi, osati chifukwa choti anaiphunzira ku koleji: mphunzitsi amene amagwira bulashi akaweruka, mnyamata wolemba zikwangwani za magolosale ku Kamuzu Road amene akufuna kuyamba kujambula nkhope za anthu, kapena mayi wa ku Senga Bay amene amabisa zithunzi zake poopa kusekedwa. Mafunsowa ndi amene amabwera kawirikawiri tikakhala pansi ndi anzathu a luso limeneli, ndipo ndawayankha monga munthu amene nayenso amajambula pa nthawi yopuma, m'kutentha ndi m'fumbi lomweli limene inu mukulidziwa.

Kodi ndiyenera kukhala ndi chipinda chapadera kuti ndiyambe kujambula?

Ayi, koma muyenera kukhala ndi malo amene zipangizo zanu zingakhale zoyalidwa popanda kuzilongedza tsiku lililonse. Chimene chimafooketsa anthu ambiri ogwira ntchito zina si kusowa kwa chipinda, koma chintchito chotulutsa penti m'katoni, kufunafuna mabulashi, kupempha tebulo kwa ana amene akulemberapo za kusukulu, ndi kuchotsanso zonse nthawi ya chakudya ikakwana. Munthu wotopa kale akaganizira zonsezi amangoti ndijambula mawa. Mbali imodzi ya khonde yotchingidwa ndi mphasa ndi yokwanira, malinga pali katebulo, thabwa loimikapo chithunzi, ndi mpata woti mubwerere m'mbuyo mapazi angapo. Mpata umenewu ndi wofunika kuposa kukula kwa tebulo, chifukwa zolakwika zikuluzikulu zimaoneka munthu ataima patali, ndipo wojambula amene sachoka pafupi ndi nsalu amataya ola lathunthu kukometsera diso limene lakhala pamalo olakwika.

Pa nkhani ya kuwala, funani zenera kapena khomo loyang'ana kummwera. Kuno kwathu dzuwa limadutsa chakumpoto kwa miyezi yambiri ya chaka, ndipo kuyambira chakumapeto kwa Okutobala mpaka pakati pa Febuluwale, pamene limapendekera kummwera, masana limakhala pamwamba kwambiri moti denga la khonde limalitchinga. Kuwala kwa mbali imeneyi sikusinthasintha, choncho mtundu umene mwasakaniza m'mawa umaonekabe chimodzimodzi masana. Zenera loyang'ana kunyanja limasangalatsa, koma limathira dzuwa pansalu m'mawa wonse, ndipo chithunzi chojambulidwa dzuwa likuchiwomba chimaoneka chakuda mukachilowetsa m'nyumba. Usiku, babu yachikasu imanamiza mitundu; ngati mulibe yoyera, nthawi imeneyo igwiritseni ntchito pojambula ndi pensulo kapena makala.

Ndigule penti yanji, popeza ya m'machubu ndi yodula ndipo kawirikawiri imafuna ulendo wa ku Lilongwe?

Penti zimene mungakumane nazo zili m'magulu anayi. Ya acrylic imasungunuka ndi madzi, imauma m'mphindi zochepa, ndipo ikauma madzi saichotsanso. Kwa woyamba kumene, imeneyi ndiyo ndimalimbikitsa. Ya mafuta ya m'machubu imatenga masiku kuti iume, choncho imakupatsani nthawi yosalaza nkhope ndi mitambo, koma ndi yokwera mtengo. Ya madzi ya papepala ndi yopepuka kunyamula popita kugombe, ngakhale kuti mukadetsa pamene panayenera kukhala poyera, kubweza n'kovuta. Yachinayi ndi gulosi ya m'zitini, imene imapezeka m'mahadiweya ndipo olemba zikwangwani amaidziwa bwino.

Penti ya m'zitiniyi musainyoze. Edward Saidi Tingatinga anayamba kujambula ku Dar es Salaam mu 1968 ndi penti yopakira njinga pa zidutswa za mabodi a kudenga, ndipo ngakhale anamwalira mu 1972, kajambulidwe kake kakupitirirabe m'dzina lake. Gulosi imayenderera n'kusalala yokha ndipo sikonda kusakanizidwa pansalu, choncho ojambula a njira imeneyi amapaka mtundu umodzi, kuudikira kuti uume, n'kuikapo wina wa malire akuthwa. Mavuto amabwera munthu akamaikakamiza kuchita zimene penti ya m'machubu imachita.

Mitundu gulani yochepa. Yoyera yambiri, yachikasu, yofiira, yabuluu ndi yofiirira ya mtundu wa katondo ingakukwanireni chaka chathunthu. Anders Zorn wa ku Sweden, amene anamwalira mu 1920, amakumbukika chifukwa cha nkhope zimene ankajambula ndi mitundu inayi yokha: yoyera, yachikasu chadothi, yofiira ndi yakuda. Munthu wa machubu asanu amakakamizika kuphunzira kusakaniza, pamene wa machubu 24 amangotola chobiriwira n'kupaka mango, mgwalangwa ndi mpunga mtundu umodzi.

Nsalu yojambulapo ndingaikonze bwanji ndekha?

Gulani kaliko wokhuthala kapena kanivasi, ndipo kalipentala akupangireni felemu ya matabwa ouma bwino. Pokhomera, yambirani pakati pa mbali imodzi, kokani ndi kukhoma pakati pa mbali yoyang'anizana nayo, chitaninso chimodzimodzi ndi mbali ziwiri zotsalazo, kenako muzisendera kumakona pang'onopang'ono. Mukatero pakani PVA yoyera yosakaniza ndi guluu wa matabwa kawiri kapena katatu, kachiwiri mopingasa koyamba, ndipo muzikwecha pang'ono ndi sandipepa ikauma. Ngati mudzagwiritse ntchito penti ya mafuta, onetsetsani kuti nsalu yatsekeka paliponse, popeza mafuta akalowa mu ulusi amauwoletsa m'kupita kwa zaka. Hadibodi muzipaka mbali zonse ziwiri kuti isapindike. Kumbukiraninso kuti penti ya mafuta imakhala bwino pamwamba pa acrylic, koma acrylic pamwamba pa mafuta imakanganuka, ndiponso kuti ndi penti ya mafuta mumayamba ndi yopyapyala n'kumalizira ndi yokhuthala, apo ayi yapamwamba imang'aluka.

Zophunzirira musamazijambule pansalu yabwino. Katoni yopakidwa PVA ndi yokwanira, ndipo dzanja limamasuka likadziwa kuti silikuwononga ndalama.

Penti imaumira pabulashi m'chilimwe, ndipo m'dzinja zithunzi zimachita chuku. Nditani?

Mu Okutobala ndi Novembala penti ya acrylic imauma musanamalize n'kusakaniza komwe. Tengani kontena ya pulasitiki yachivindikiro, yalani kansalu konyowa pansi pake, ikani pepala lophikira makeke pamwamba pa kansaluko, ndipo penti muziifinyira papepalapo. Chinyontho chochokera pansi chimaisunga yofewa kwa maola ambiri, ndipo mukavindikira imafika mawa lake. Dziwaninso kuti acrylic imada pang'ono ikauma, choncho sakanizani mtundu wowalirapo kuposa umene mukuufuna.

M'miyezi yozizira mwera umabweretsa mchenga ndi fumbi, ndipo chithunzi cha mafuta chimene sichinaume chiyenera kuimikidwa choyang'ana kukhoma, chosakhudza. Nkhungu za m'nyanja zikatuluka zimatsata nyali n'kumatirira pa penti yaiwisi; musazitole ndi chala pomwepo, dikirani iume ndipo zidzachoka osasiya chipsera chachikulu. M'dzinja musakulunge zithunzi m'pulasitiki, chifukwa chinyontho chotsekeredwa ndicho chimabala chuku. Ziimikeni pa njerwa kapena pa alumali, zotalikirana pang'ono kuti mpweya uzidutsa, ndipo muziyang'ana kuseri kwa mafelemu, kumene chiswe chimayambira.

Kodi n'zoona kuti dothi lingakhale penti?

N'zoona, ndipo umboni wake uli pafupi nafe. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira, zimene ndi zakale kwambiri, amati anajambula ndi Akafula, ndipo zoyera zambiri ndi za Achewa, zokhudza nyau ndi chinamwali. Kufiira kwa dothi kumachokera ku dzimbiri la chitsulo limene lili m'dothimo, ndipo dzuwa silimafwifwitsa mtundu umenewu monga limachitira ndi utoto wa masamba, wa maluwa kapena wa chikasu chothira m'ndiwo.

Tapani katondo kapena dothi lachikasu, livundulireni m'ndowa ya madzi, dikirani pang'ono kuti mchenga ukhale pansi, ndipo madzi amatope a pamwambawo muwatsanulire m'chiwiya china. Akadikha, khetsani madzi, yanikani matope osalalawo, aperenipo pamwala mpaka akhale ufa, kenako sakanizani ndi guluu wa matabwa wothira madzi. Mwaye ndi makala opera zimapereka mtundu wakuda. Ena amasakaniza ndi yolk ya dzira, imene ku Ulaya inkagwiritsidwa ntchito penti ya mafuta isanafale, koma kuno mphemvu ndi nyerere zimaikonda. Amayi amene amakongoletsa makoma a nyumba kumudzi amadziwa kumene kumapezeka dothi la mtundu uliwonse, ndipo ndi oyenera kuwafunsa mwaulemu monga aphunzitsi.

Kodi kukopera chithunzi cha wojambula amene ndimamusirira n'kuba?

Kukopera pofuna kuphunzira si kuba, ndipo amisiri aakulu anadutsa m'njira yomweyi. Vincent van Gogh ali m'chipatala cha odwala maganizo ku Saint-Rémy, ku France, mu 1889 ndi 1890, anajambula zithunzi pafupifupi 20 potsatira za Jean-François Millet, amene ankajambula alimi akufesa, akukolola ndi akupuma m'munda. Zimene Van Gogh anali nazo m'manja zinali zosindikizidwa zopanda mitundu, choncho kaimidwe ka anthu anakatenga kwa Millet, koma mitundu ndi kayendetsedwe ka bulashi zinali zake. Pablo Picasso, ali kale wotchuka ndiponso wa zaka zoposa 70, mu 1957 anajambula mobwerezabwereza, koposa ka 40, chithunzi cha Las Meninas chimene Diego Velázquez anajambula mu 1656. Anthu awa sankakopera chifukwa chosowa maganizo awoawo. Ankadziwa kuti pali zinthu zimene munthu amazizindikira pokhapokha dzanja lake likayesa: mukamangoyang'ana mumati mkono wa wofesa ndi wokongola, koma mukaujambula mumapeza kuti ndi wautali kuposa mmene munkaganizira, ndi kuti kutalikako ndiko kukupangitsa mbewu kuoneka ngati zikuulukadi.

Kuba kumayamba pamene mwasaina dzina lanu pa chokoperacho n'kuchiika pamsika ngati nzeru zanu. Chithunzi chophunzirira muzichilemba kuseri kuti mwatsatira cha uje, ndipo chizikhala kunyumba. Lamulo la dziko lino la Copyright Act la 2016 limateteza ntchito ya waluso pa moyo wake wonse ndi zaka 50 atamwalira, ndipo bungwe la COSOMA ndilo limayang'anira za umwini umenewu. Zithunzi za kamera zimene mumazipeza pa Facebook nazonso zili ndi eni ake. Koma ngakhale lamulo likanapanda kukhalapo, kukopera chithunzi cha mnzanu amene akugulitsa pafupi nanu ku Senga Bay, chifukwa mwaona kuti alendo akuchigula, n'kumulanda nsima pakamwa, ndipo inuyo simupindulapo luso lililonse.

Nanga ndingaphunzire bwanji kwa mmisiri amene zithunzi zake ndimangoziona pafoni?

Sankhani chithunzi chimodzi ndipo mukhale nacho kwa sabata zingapo, m'malo modutsa pa zithunzi zambirimbiri ndi chala. Poyamba musakhudze penti. Jambulani kabokosi kokula ngati chikhatho, tsinzinani pang'ono kuti zing'onozing'ono zisowe, ndipo chithunzi chonsecho muchiike m'kabokosimo ndi pensulo m'magawo atatu okha: pakuda, papakati ndi powala. Mudzaona kuti zithunzi zamphamvu zimaima pa zigawo zikuluzikulu zochepa, ndi kuti nthawi zambiri pamene pakuda kwambiri pakumana ndi powala kwambiri ndi pamene mwini wake ankafuna kuti diso lanu lifikire.

Kenako dzifunseni mafunso amene mwini chithunzi anayenera kuwayankha. Mzere wa pamene thambo likumana ndi dziko anauika pamwamba kapena pansi, ndipo chifukwa chiyani? Ndi malire ati amene ali akuthwa, ndipo ndi ati amene asungunukira mumthunzi? Wasiya chiyani chimene inu mukanachijambula? Funso lomalizali ndilo limaphunzitsa kwambiri, popeza odziphunzira okha timakonda kujambula tsamba lililonse ndi diso lililonse la ukonde, pamene mmisiri amajambula masamba ochepa n'kusiya woona amalize yekha. Mukatha apa, koperani chithunzicho ndi penti pa kakatoni, mofulumira, osafuna kuti chifanane ndendende.

Gawo limene ambiri amalidumpha ndi lotsatirali. Sabata yomweyo tengani chinthu chimodzi chimene mwaphunzira mukachiyese pa zimene zili pamaso panu. Ngati Millet wakuonetsani mmene msana wowerama umanyamulira kutopa kwa tsiku lonse, pitani mukaone amayi akuwokera mpunga ku Lifuwu, ndipo mukapeza kuti kawerama ka munthu woima m'madzi n'kosiyana ndi ka munthu wokunkha tirigu ku France. Kusiyanako mmisiri uja sangakuuzeni, ndipo ndi pamenepo pamene ntchito yanu ikuyambira.

Foni nayo ili ndi malire ake. Imabisa kukula kwa chithunzi ndi kukhuthala kwa penti, ndipo mitundu yake ndi yowala kuchokera kumbuyo, zimene penti singachite. Muziwerenga miyeso ya chithunzi m'masentimita n'kuiyerekeza pakhoma. Nyumba zosungiramo zaluso monga Rijksmuseum ya ku Amsterdam ndi Metropolitan Museum ya ku New York zinaika zithunzi zambiri pa intaneti kwaulere, zooneka bwino moti mungathe kukuza mpaka kuona mikwasa ya bulashi.

Kodi aphunzitsi anga akhale a ku Ulaya okha?

Ayi, ndipo akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Malo oyamba kupitako ali pa msewu wathu womwewu wa M5, kupitirira Chipoka, pafupi ndi Mtakataka. Ku Mua, kumene mishoni inayamba mu 1902, kuli Kungoni Centre imene Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene anapatsidwa mfunda wa Chisale, anayambitsa mu 1976. Pa makoma a nyumba ya Chamare pali zithunzi zofotokoza mbiri ya dziko lino, ndipo m'kati muli mazana a zigoba za gule wamkulu pamodzi ndi za miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Kwa wojambula, phindu la ulendowu ndi kuona penti yeniyeni pa kukula kwake kwenikweni, ndi kuona mmene osema zigoba amasankhira chinthu chimodzi pankhope, kaya mano, kaya mphumi, n'kuchikuza mpaka khalidwe lonse la munthu litaonekera.

Funafunaninso ntchito za malemu Kay Chiromo, amene anaphunzitsa zaluso ku Chancellor College ku Zomba. Billie Zangewa, wobadwira ku Blantyre mu 1973, sagwiritsa ntchito penti koma amasoka zidutswa za nsalu ya silika, ndipo chifukwa sangasalaze mitundu monga timachitira ndi bulashi, ntchito zake ndi phunziro labwino la kugawa kuwala ndi mthunzi m'zigawo zomveka. Samson Kambalu, amene chosema chake cha John Chilembwe chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022, anachitenga ku chithunzi chakale cha kamera, ndipo chimene anasintha ndi kukula kwa anthu awiri a pachithunzipo: Chilembwe anamupanga wamkulu kwambiri kuposa mmishonale John Chorley. Apa mukuona kuti kutengera kwabwino kumanena chinthu chatsopano.

Amene ndimamuika patsogolo kwa munthu wa kuno ndi Gerard Sekoto wa ku South Africa, wobadwa mu 1913, amene anayamba ngati mphunzitsi wa sukulu, n'kumajambula misewu, nyumba ndi anthu wamba a ku Sophiatown asanasamukire ku Paris mu 1947. Dzuwa la m'zithunzi zake ndi lathu lino, lolimba, la mithunzi yakuthwa, ndipo anthu ake ali pa ntchito zawo, sakuimira wojambula.

Zithunzi zanga zayamba kufanana ndi za amene ndimamusirira. Kodi kajambulidwe kangakanga kadzabwera liti?

Kufananako si matenda, ndipo kumatha kokha ngati mupitiriza kujambula zinthu zimene mukuziona ndi maso anu. Choopsa si kutengera mmisiri mmodzi wabwino, koma kutengera chithunzi chija chopanda mwini chimene chili paliponse pogulitsira alendo: dzuwa lofiira likulowa m'nyanja, mlambe wakuda, bwato limodzi, ndi mayi wopanda nkhope atasenza mtsuko. Sindikunyoza amene amadyetsa ana awo ndi zithunzi zoterezi, koma tiyeni tinene zoona. Kuno ku Salima nyanja ili kum'mawa. Dzuwa limatulukira m'madzi ndipo limakalowa kumtunda, chakumapiri a ku Dowa, choncho amene akujambula dzuwa likulowa m'nyanja ali ku Senga Bay akujambula zimene anaona pa chithunzi cha munthu wina, osati zimene zili pakhomo pake. M'bandakucha wa kuno uli ndi mitundu yakeyake, yotuwa ndi yofewa, pamene asodzi a usipa akukocheza atagona panyanja ndi nyali, ndipo amayi akudikira ndi mabeseni. Thandala lodzaza usipa, ukonde wa chilimira ukusokedwa pamchenga, akabaza pamthunzi pafupi ndi msika, zonsezi zikudikira munthu woti aziyang'ane mofatsa. Kajambulidwe kanu kadzachokera ku zimene mumabwererako mobwerezabwereza ndi zimene mumazisiya, ndipo nthawi zambiri anzanu amakazindikira inu musanakaone.

N'chifukwa chiyani madzi a m'zithunzi zanga amaoneka ngati khoma labuluu?

Chifukwa mukujambula zimene mukudziwa, zakuti madzi ndi abuluu, m'malo mwa zimene mukuona. Nyanja imabwereka mtundu wa thambo, choncho imasintha ndi ola. Pafupi ndi gombe mchenga wa pansi umaonekera ndipo madzi amapita kuchikasu ndi kubiriwira. M'dzinja mtsinje wa Linthipe umathiramo matope ofiirira amene amaoneka patali ndithu. Mwera ukawomba madzi amada ndipo chithunzithunzi cha bwato chimasweka. Mafunde a pafupi ndi aakulu ndi otalikirana, a kutali ndi ang'ono ndi othithikana mpaka amangokhala mizere, ndipo mapiri a kutsidya ayenera kukhala otuwa ndi ofewa kuposa chilumba cha Namalenje chimene chili pafupi. Claude Monet anajambula milu ya tirigu ya m'munda umodzi pa nsalu pafupifupi 25 mu 1890 ndi 1891, pa maola ndi nyengo zosiyana, pofuna kumvetsa kuwala. Chitani chimodzimodzi ndi malo amodzi a gombe lanu pa timakatoni ting'onoting'ono, m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo muzilemba nthawi kuseri.

Khungu la munthu wakuda ndilisakanize bwanji?

Musayambe ndi penti yakuda, chifukwa imapha nkhope. Yambani ndi yofiirira, onjezani yabuluu pofuna mthunzi, yofiira ndi yachikasu pamene magazi ndi dzuwa zikuonekera, monga pamasaya ndi pamphuno. Khungu lakuda limanyezimira ndipo limatenga mitundu ya zozungulira: pamphumi pa munthu woima panja pamaoneka kubuluu kwa thambo, pansi pa chibwano pamabwerera kuwala kwa mchenga kapena mtundu wa chitenje. Mukaika penti yoyera yokhayokha pa malo owalawo, munthuyo amaoneka ngati wadzola phulusa. Foni imalephera kwambiri pamenepa, choncho pemphani wachibale akhale pampando pakhonde kwa theka la ola.

Ndili ndi ntchito ndi banja, ndiponso zaka zapita. Kodi sindinachedwe?

Van Gogh anayamba kujambula motsimikiza mu 1880 ali ndi zaka 27, ndipo ntchito yake yonse inachitika m'zaka 10. Henri Rousseau ankagwira ntchito yotolera msonkho wa katundu wolowa mu Paris, n'kumajambula pa nthawi yopuma, ndipo anapuma pantchito ali ndi zaka 49 kuti alimbikire luso lake. Theka la ola tsiku lililonse limapindulitsa kuposa Loweruka lathunthu kamodzi pamwezi, popeza diso ndi dzanja zimaiwala msanga. Muziyenda ndi kakope ndi pensulo, ndipo podikira minibasi kapena pamzere wa kuchigayo muzijambula manja, mapazi ndi mitu ya anthu. Tsiku limene mulibe mphamvu, pakani nsalu PVA kapena tsukani mabulashi, malinga mwafika pamalo anu a ntchito.

Kodi ndingajambule anthu kudoko kapena gule popanda kupempha?

Kujambula gulu la anthu patali m'kakope sikuvuta, koma nkhope ya munthu ndi yake. Perekani moni, fotokozani chimene mukuchita, ndipo muonetseni mukamaliza. M'dera lathu lino muli abale ambiri achisilamu, ndipo ena mwa iwo sakondwera ndi kujambulidwa nkhope, choncho akakana musaumirire. Ana musawajambule popanda mawu a makolo. Za gule wamkulu, pemphani kwa amfumu ndi akuluakulu a mwambo, jambulani zimene zikuvinidwa pabwalo pamaso pa onse, ndipo za kudambwe muzisiye kwa eni ake.

Ndingamufikire bwanji wojambula wamkulu kuti aone ntchito zanga?

Musangomutumizira zithunzi zambiri pa WhatsApp ndi funso loti zili bwanji, chifukwa mwaulemu adzangoti zili bwino, pitirizani. Pemphani kaye nthawi, tengani zithunzi zitatu kapena zinayi pamodzi ndi kakope kanu, ndipo funso lanu likhale lolunjika, monga lakuti: "Bambo, manja a anthu anga amauma nthawi zonse, mundiunikireko pamene ndikuphonya." Akamalankhula musadziteteze, lembani. Ngati akulolani kukhala pambali iwo akugwira ntchito, yang'anitsitsani zimene sangaganize zokuuzani: kutalika kwa nthawi imene amayang'ana asanakhudze nsalu, mmene amagwirira bulashi chakumapeto kwa chigwiriro, ndi kuchuluka kwa zimene amafufuta. Musanyoze wolemba zikwangwani wakale wa pamsika, chifukwa mzere wowongoka wokokedwa kamodzi ndi penti ya gulosi ndi luso la zaka zambiri. Ndipo popita musapite chimanjamanja. Nthawi yawo ndi imene amadyera.

Pali zoopsa zanji pa ntchitoyi?

Thina, palafini ndi turpentine, zimene timasungunulira penti ndi kutsukira mabulashi, zimapweteka mutu ndi chifuwa m'chipinda chotseka, choncho muzigwiritsa ntchito pamalo opita mphepo, kutali ndi mbaula. Penti zina za gulosi zimakhala ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa ana. Musamadye muli ndi penti m'manja, musamasongole bulashi ndi milomo, ndipo zitini zotha musazipereke kwa ana kapena kusungiramo mchere. Sanza zonyowa ndi mafuta a linseed, amene amasakanizira penti ya mafuta, zikaunjikidwa zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka, choncho muzizitambasula panja kuti ziume kapena muziviike m'madzi.

Ndingadziwe bwanji kuti chithunzi chatha?

Chiyang'aneni pagalasi kapena chitembenuzeni chadodolido, chifukwa diso limene lazolowera cholakwika limachionanso mwatsopano chikatembenuka. Chijambuleni ndi foni n'kuchotsa mitundu kuti muone ngati pakuda ndi powala pakumveka. Kenako chiimikeni choyang'ana kukhoma kwa sabata imodzi, ndipo mukachitembenuza, chinthu choyamba chimene chakukhumudwitsani ndicho chokha choyenera kukonza. Ngati mukungowonjeza timadontho popanda chimene chikusintha mukaima patali, lekani. Kuseri lembani dzina lanu, malo, mwezi ndi chaka, ndi mtundu wa penti imene mwagwiritsa ntchito, ndipo sungani chithunzi chake m'foni musanachipereke kwa wogula kapena wachibale. Vanishi pa acrylic mungapake patapita masiku ochepa, koma pa penti ya mafuta ya m'machubu dikirani miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, popeza pamwamba pamauma msanga pamene m'kati mukadali mofewa.